Adalera adzukulu, nanga iwo awalera ndani?

Madzulo ano ndikufuna ticheze za anthu amene mwina pakalipano akuotha moto chapafupi nanu, koma sakumva bwino zimene ndikunenazi chifukwa makutu adayamba kalekale kuvuta. Ngati muli nawo pakhomopo, kwezani pang'ono wailesiyo, muisendeze pafupi nawo. Nkhani ya lero ndi yawo.

Ndili ndi mayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga ondibereka, amene amakhala m'mudzi wina kuno kwathu ku Mchinji. Dzina lawo sinditchula, pakuti mudzi uliwonse m'boma lino uli ndi mayi wotere, ndipo inu mukumvetseranu mungathe kuikapo dzina la wanu. Zaka zawo zenizeni sazidziwa. Akafunsidwa amangoti pamene a Kamuzu ankafika m'dziko muno mu 1958, iwo n'kuti atatha kale msinkhu. Werengani nokha pamenepo.

Mayi amenewa adaika m'manda ana awo aakazi awiri motsatizana, zaka zija zozungulira njala ya 2002, pamene Edzi inkalowa nyumba ndi nyumba. Mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, koma kwa ana awowo n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Adatsala ndi adzukulu asanu, wamng'ono akukwawa. Munthu amene adayenera kuyamba kupuma adamanganso mbereko. Ndimakumbukira ndikuwapeza m'munda mwa eni, khasu lili m'manja, mwana ali kumbuyo, akupalira mizere yaitali kuti madzulo alandire kambale ka madeya. Usiku ankaphika phala la madeyawo n'kugawira ana, iwo n'kunena kuti adya kale kumunda. Tonse tinkadziwa kuti sadadye.

Ndiye mu 2006 kudachitika chinthu kuno ku Mchinji chimene ambiri a ife sitichinyadira mokwanira. Boma la Malawi, mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF komanso ndalama za Global Fund zodzera ku National AIDS Commission, lidasankha Mchinji kuti ndiko kuyambire ndondomeko yopereka ndalama m'manja mwa mabanja ovutikitsitsa. Ndi imene lero dziko lonse likuitcha Mtukula Pakhomo. Idabadwira kuno. Ankasankha mabanja khumi pa 100 aliwonse, osaukitsitsa, amenenso alibe munthu wamphamvu wa zaka zapakati pa 19 ndi 64 woti n'kugwira ntchito, kapena amene munthu mmodzi wamphamvu akusenza anthu oposa atatu. Ndalama zake zidali zochepa: K600 pamwezi kwa munthu wokhala yekha, kukwera mpaka K1,800 kwa banja la anthu anayi kapena kuposerapo, kuonjezapo K200 pa mwana aliyense wa ku pulayimale ndi K400 pa wa ku sekondale.

Okayika adali ambiri. M'mabwalo a bawo ndi m'maofesi momwe, mawu adali amodzi: wosauka ukamupatsa ndalama yosakhetsera thukuta adzangomwera kachasu, adzasanduka mlesi. Ine ndidakaonerako tsiku lina lolandira, pabwalo la sukulu ina. Mzere wake udali wa imvi ndi ndodo. Mayi anga aakulu adadinda chala, n'kulandira, n'kuwerenga kawiri ngakhale kusukulu sadapiteko, kenako n'kumanga pansonga ya chitenje mfundo ziwiri zolimba. Pobwerera tidadzera pamsika. Adagula mchere, sopo, makope atatu, ndipo zotsalazo adagulira kamsoti kamodzi kamene adakanyamula m'khwapa mpaka kumudzi. Msoti uja udaswa. Nkhuku zija zidadzagula mbuzi, ndipo mbuziyo ndi imene idalipira mayeso a mdzukulu wawo wamkulu.

Zimenezi sizidachitike pakhomo limodzi lokha. Akatswiri a ku Boston University ya ku America pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Chancellor College adatsatira mabanja a kuno mu 2007 ndi 2008, ndipo adapeza kuti olandirawo ankadya kangapo patsiku kusiyana ndi kale, ankagula ziweto, ana awo ankajomba pang'ono kusukulu, ndipo kutuma ana ku ganyu kudachepa. Ambiri mwa mabanjawo ankayendetsedwa ndi anthu okalamba. Kuchokera pa umboni wa Mchinji ndondomekoyi idafalikira ku Likoma, Machinga, Salima, Mangochi, Chitipa ndi Phalombe, ndipo pofika 2018 idali m'maboma onse 28. Agogo a kuno ku Mchinji ndiwo adaphunzitsa dziko lino kuti nkhalamba ukaipatsa ndalama imadziwa pozipititsa.

Koma tsono imani kaye, omvera, tifunsane funso limene limandisowetsa tulo. Agogo aja tidawaona chifukwa chiyani? Tidawaona chifukwa cha mwana amene adali kumbuyo kwawo. Ndalama zoyambazo zidachokera m'thumba lolimbana ndi Edzi, ndipo chimene chidagwedeza mitima ya opereka thandizo ndi ana amasiye. Sindikunyoza zimenezo, pakuti anawo ankafunikadi thandizo. Koma zoona zake n'zakuti agogo tidawatenga ngati mtsuko wosungiramo ana athu. Madzi akatha kumwedwa, mtsuko umavundikiridwa kuseri kwa nyumba.

Lero adzukulu asanu aja adakula. Wina amatchova kabaza ku Chipata, wina adakwatiwa ku Lilongwe, wina adapita ku Joni ndipo amaimba foni mwa apo ndi apo. Palibe woipa mtima pakati pawo, aliyense akulimbana ndi zake. Koma nyumba ija imene inkadzaza phokoso idatsala ndi munthu mmodzi, ndipo ife abale, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, tidazolowera kumangofunsa pafoni kuti, “Mwadzuka bwanji, Amayi?” Iwo amayankha kuti, “Ndadzuka bwino, mwana wanga.” Okalamba athu sadandaula msanga. Adaphunzira kubisa njala kalekale.

Nkhani imeneyi si ya ku Mchinji kokha. Dziko lonse lapansi likukalamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu a zaka 60 kapena kuposerapo adali biliyoni imodzi, pofika 2030 adzakhala 1.4 biliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse, ndipo mu 2050 adzafika 2.1 biliyoni, ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Mayiko adakumana ku Vienna mu 1982, adakumananso ku Madrid mu 2002 kumene adagwirizana kuti okalamba asasiyidwe kunja kwa mapulani a chitukuko, thanzi lawo lisamalidwe, ndipo malo amene akukhala akhale owathandiza. Bungwe la African Union lidakhazikitsa pangano la ufulu wa anthu okalamba mu 2016. United Nations idapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale zaka khumi zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi, ndipo zaka zimenezo tadya kale zambiri. Pa 1 Okutobala chaka chilichonse timaguba ndi zikwangwani pokumbukira tsiku la okalamba, pa 15 Juni timadzudzula nkhanza zowachitira. Mapepala alipo okwanira kufolera nyumba.

Ena amati izi n'za azungu, ife kuno ndife dziko la achinyamata. N'zoona kuti kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo adali pafupifupi asanu pa 100 aliwonse. Koma asanu pa 100 amenewo ndi anthu oyandikira miliyoni. Mchinji yokha idali ndi anthu oposa 600,000, ndiye okalamba ake ndi masauzande ambirimbiri. Ndipo chiwerengerochi chikukwera pa chifukwa chabwino: mankhwala otalikitsa moyo, katemera ndi maneti a udzudzu zapulumutsa anthu amene zaka makumi awiri zapitazo tikadawaika m'manda ali anyamata. Amene adayamba kumwa ma ARV ali ndi zaka 40 lero ndi agogo. Tidalimbana kuti anthu asafe msanga, ndipo tidapambana. Chimene sitidakonzekere ndi choti tidzawachitire akafika kumene tidawapulumutsirako.

M'mapepala onse aja muli ganizo limodzi limene ine ndimalikonda, chifukwa ngakhale mayi anga aakulu angalivomereze. A WHO amati kukalamba ndi thanzi sikutanthauza kukhala wopanda nthenda iliyonse. Munthu wa zaka 80 wopanda pomupweteka ndi wosowa. Chimene amayang'ana n'chakuti kodi munthuyo akuthabe kuchita zinthu zimene iye mwini amaziona kuti n'zofunika pa moyo wake? Kwa mayi anga aakulu zinthu zimenezo n'zodziwika: kuyenda okha kupita kutchalitchi, kukhala pamkeka n'kumasankha mtedza wa mbewu, kukagona kusiwa mnzawo akamwalira, kuitanidwa kukalangiza atsikana akatha msinkhu. Mukawalanda zimenezi, ngakhale muwapatse nsima katatu patsiku, mwawaika m'manda akupuma.

Ndipo chidatsala pang'ono kuwalanda zonsezi ndi kanthu kakang'ono: ng'ala.

Maso awo adayamba kuchita chifunga pang'onopang'ono. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, kenako adayamba kusakaniza mtedza wabwino ndi wofumbwa, kenako adasiya kupita kutchalitchi poopa kugwera m'ngalande. Titapita nawo pa chipatala china chaching'ono, tidakhala pamzere kuyambira m'mawa, ndipo titalowa, wotithandizayo, amene ankaoneka wotopa ndi chikhamu cha odwala, adangoti, “Umenewu ndi ukalamba, agogo.” Tidabwerera ndi panado. Mawu amenewo, akuti ndi ukalamba, ndi amene atsekera okalamba ambiri chitseko cha chipatala. Ifenso kunyumba timawanena. Mawondo akatupa ndi nyamakazi, ndi ukalamba. Mutu ukamapweteka ndi kuchita chizungulire, ndi ukalamba. Akamakodza pafupipafupi ndi kuonda, ndi ukalamba. Chonsecho zambiri mwa zimenezi ndi matenda okhala ndi mayina ndi mankhwala ake.

Tsiku lina chakumadzulo mayi aja adatuluka kupita kuchimbudzi, n'kusokonekera njira pobwerera. Adawapeza mdima utagwa, ataima kuseri kwa nkhokwe ya nyumba yoyandikana nayo, akupapasa. M'mawa mwake manong'onong'o adali atayamba kale pachitsime. Ankafunako chiyani kunkhokwe ya eni usiku? Bwanji ana awo onse adatha koma iwo akadalipo? Munthu yemwe uja adalera ana asanu amasiye ndi madeya, tsopano ankalozedwa ndi milomo akamadutsa.

Apa ndiye pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene timapha anthu. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga m'boma la Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi gulu la anthu atanamiziridwa kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Dziko lonse lidanjenjemera, atsogoleri adadzudzula, koma kuchokera nthawi imeneyo bungwe la MANEPO, lomwe limalumikiza mabungwe oona za okalamba, lakhala likulengeza chaka ndi chaka za okalamba ena ophedwa ndi kumenyedwa pa nkhani yomweyi. Tikafufuza bwino nkhani zotere, kawirikawiri timapezamo zinthu ziwiri. China ndi matenda. Pali nthenda ya ubongo imene imagwira ena akakalamba, yoiwalitsa: munthu amaiwala mayina a ana ake, amadzuka usiku n'kumayenda osadziwa kumene akupita, nthawi zina osavala bwino, amalankhula ndi anthu amene adamwalira kale, ndipo mukamuopseza kuti avomere ufiti amavomera chifukwa sakudziwa n'komwe chimene mukufunsa. Ife tikamupeza pamphambano m'bandakucha timati wagwa pa ndege ya ufiti. Ameneyo ndi wodwala, wofunika kumufunditsa chitenje n'kumuperekeza kwawo. China ndi munda. Dimba lachonde la m'mbali mwa mtsinje wa Bua kapena wa Rusa likakhala m'manja mwa nkhalamba yamasiye, mlandu wa ufiti suchedwa kubadwa, ndipo kawirikawiri woyambitsa amakhala wa m'banja momwemo.

Lamulo la dziko lino pa nkhaniyi ndi lakale, la 1911, ndipo likugwirabe ntchito: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti m'mudzi ndi mlandunso. Inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, zimenezi mukuzidziwa. Akulu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wa mphekesera umazimitsidwa tsiku loyamba, pabwalo la mfumu, usanafike pa udzu wa denga. Kwathu kuja mfumu idachita chamuna. Idaitana mbumba yonse n'kufunsa funso limodzi: “Mwa inu nonse mukulankhulanu, ndani adawatengerako mayiwa kokaonetsa maso?” Bwalo lonse lidangoti zii. Inenso ndidaweramitsa mutu.

Mwezi wotsatira tidapita nawo ku chipatala cha maso ku Lilongwe. Opaleshoni ya ng'ala sitenga ngakhale ola limodzi, ndipo imachitika m'dziko mwathu momwe muno, ku Lions Sight First pa Kamuzu Central, ku Nkhoma ndi kwina. M'mawa mwake namwino atamatula bandeji, mayi aja adaphethiraphethira, n'kuyang'ana zenera, n'kuyang'ana manja awo, kenako n'kundiyang'anitsitsa ine nthawi yaitali. Adatambasula dzanja n'kundigwira m'mutu. “Mwana wanga,” adatero, “imvi zimenezi zidayamba liti?” Zaka zonsezo ankandisunga m'maganizo ndili mnyamata. Misozi idalengeza m'maso mwanga, chifukwa ndidazindikira kuti adakhala mumdima zaka zambiri pa vuto loti likadatha m'mawa umodzi, komanso kuti njira imene akuyendayo inenso ndaiyamba. Lamulungu lotsatira adayenda okha kupita kutchalitchi. Manong'onong'o aja adatha okha.

N'chifukwa chake ndikunena kuti ntchito zathu zaumoyo ziyenera kutembenuka n'kuyang'ananso kwa okalamba. Dziko lino lidachita zodabwitsa pa ana aang'ono. Mayi aliyense amadziwa tsiku la sikelo, ndipo alangizi a zaumoyo amafika ndi njinga mpaka kumidzi ya kumalire kumene galimoto sifika. Luso limenelo tili nalo kale. Nanga chingatilepheretse n'chiyani kukhala ndi tsiku la sikelo ya agogo, kamodzi pamwezi, pansi pa mtengo womwe uja timayezera ana? Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi WHO wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. BP siimba ng'oma. Imangodikira tsiku limodzi, munthu n'kugwa m'munda, mbali imodzi ya thupi n'kufa, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse limamangika: wina asiye sukulu kuti azitembenuza agogo, wina asiye kudimba. Kamakina koyezera BP n'kotsika mtengo kuposa mbuzi. Mlangizi ataphunzitsidwa angathe kuyeza BP, kuyeza shuga, kuona diso loyera ng'ala n'kulembera kalata. Ndipo mankhwala a mwezi ndi mwezi atamafika pafupi, nkhalamba ya kwa Kazyozyo kapena ku Gumba sikadamasankha pakati pa ndalama ya kabaza ndi ndalama ya kuchigayo.

Ndafika pa ndalama, ndipo pamenepa ndilankhula mosapsatira. Mtukula Pakhomo ndi wabwino, koma adapangidwa kuti asankhe ochepa. M'mudzi wa mabanja 100 mmene osauka ndi oposa theka, mukasankha khumi, wachikhumi ndi chimodzi amasiyana chiyani ndi wachikhumi? Nkhalamba ziwiri zoyandikana nyumba, zonse zofoka, ina ilandira ina ayi, chifukwa inayo pakhomo pake padalembedwa mdzukulu wa zaka 20 amene mwina chaka chamawa adzakhala atawoloka malire. Kusankha kotere kumabala nsanje, ndipo nsanje m'mudzi mukudziwa kumene imathera. Kuonjezera apo ndalamayo imafooka msanga. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sopo ndi mchere sudadikire kuti wina akonze kaye ndondomeko.

Njira ina ilipo, ndipo anansi athu adaiyesa. Mukawoloka pa Mwami, kudutsa Chipata, mufika ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi kumene timapita ku Kulamba. Kumeneko mu 2007 boma la Zambia lidayesa m'madera ena kupereka ndalama kwa munthu aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo, osafunsa kuti ali ndi mbuzi zingati. Achewa anzathu, olima chimanga ndi mtedza ngati ife. Botswana idayamba penshoni ya aliyense wa zaka 65 mu 1996. Lesotho, dziko laling'ono losalemera, idayamba mu 2004 kwa a zaka 70, ndi ndalama za m'thumba lake. Zanzibar idatsatira mu 2016. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti mulibe kukondera, mulibe kugwada pamaso pa komiti. Chiphaso cha unzika chikunena zaka zako, basi walowa. Aliyense m'mudzi amadziwa kuti Mulungu akamusunga nayenso adzalandira, ndiye palibe wochitira mnzake kaduka. Kuno kwathu kafukufuku wa unduna woona za okalamba ndi bungwe la HelpAge International wa 2016 adaonetsa kuti okalamba olandira penshoni sakwana asanu pa 100 aliwonse. Penshoni ndi ya amene adagwira ntchito yolembedwa. Mlimi alibe.

Ndikudziwa funso limene lili pamilomo panu: ndalama zake zichokera kuti, dziko losauka ngati lino? Funsolo ndi loyenera, ndipo tingathe kuyamba pang'ono, ndi a zaka 70 kapena kuposerapo, amene ndi ochepa, n'kumatsitsa zakazo chuma chikamalola. Koma ndisanavomere kuti iyi ndi mphatso, tiyeni tikumbuke mbiri ya boma lino. Anthu amene lero ali ndi zaka 75 ndi 80 ndi amene m'zaka za m'ma 1970 ankanyamula mtedza wa Chalimbana ndi fodya wa chikopa pamutu kupita ku misika ya ADMARC, kumene ankagulidwa pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene mbewuzo zinkagulitsidwira kunja, ndipo phindu lakelo lidathandiza kutsegula maesiteti. Mlimi wamng'ono sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Ena adabwera kuchokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Mangochi kudzakhala matenanti m'maesiteti a kuno, n'kutha moyo wawo wonse akusoka fodya wa eni. Utenanti udathetsedwa ndi lamulo mu 2021, koma amene adakalambira m'menemo ambiri alibe munda kuno, ndipo kwawo adaiwalika. Anthu amenewa penshoni yawo adadulidwa kale, pa sikelo ya msika. Chimene tikukambachi ndi ngongole.

Enanso amati pa chikhalidwe chathu ana ndiwo amasamala makolo, boma lisalowererepo. Ine chikhalidwe chimenecho ndimachilemekeza, ndipo palibe ndalama ya boma imene ingatunge madzi, kufolera denga kapena kukhala pambali pa wodwala usiku. Udindo umenewo ndi wathu, sitingauthawe. Koma ndaona ndi maso anga kusiyana kwa nkhalamba imene ili ndi kangachepe pansonga ya chitenje ndi imene ilibe. Yokhala nako imatuma mwana kuchigayo n'kumupatsa ya mandasi, imaponya chopereka kutchalitchi, imapereka chipepeso pamaliro, imalowa banki m'khonde. Imakhalabe munthu wofunsidwa nzeru. Yopanda kanthu imayamba kuoneka ngati katundu, ndipo anthu amayamba kunena kuti tsabola wakale sawawa. Kandalama kameneka sikachotsa ana pa udindo, kamangopeputsa mtolo kuti banja lithe kuusenza popanda kutukwanizana.

Mu 2016 dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya anthu okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lenileni la anthu okalamba, limene limaletsa nkhanza, kuwasala ndi kuwalanda katundu, komanso limatchula za thandizo la ndalama. Limeneli ndi khasu labwino, koma khasu lopachikidwa padenga silipalira. Inu aphungu ndi makhansala a Mchinji, muli ndi mawu amene anzanu a maboma ena alibe. Mungathe kuimirira n'kunena kuti, ife ndife tidayamba mu 2006, umboni tili nawo, tsopano ikani m'bajeti ndalama ya wokalamba aliyense, ndipo ngati mukufuna poyesera, bwerani muyeserenso kwathu. Inu a zaumoyo, yambani ndi chipatala chimodzi, tsiku limodzi pamwezi, okalamba asaime pamzere umodzi ndi anyamata.

Ndipo inu amene mwakhala nane mpaka pano, mawa m'mawa musanapite kudimba, dzerani kunyumba kwa agogo aja. Musangofunsa kuti adzuka bwanji, chifukwa yankho lake mukulidziwa kale. Imani chapatali pang'ono, mutambasule zala, muwafunse kuti akuona zingati. Funsani kuti BP adayezetsa liti. Yang'anani denga mvula isanagwe. Mukapeza kuti diso layera, musadikire kuti adzapezeke kuseri kwa nkhokwe ya eni. Atengeni sabata ino, mupite nawo kuchipatala.